Mawu a Kumanzere

1. Bokosi la pansi pa bedi

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndinali ndi chinsinsi chimodzi chimene chinkandichititsa manyazi. Ndinali nditaiwala mawu a ababa.

Nkhope yawo ndinkaidziwa, chifukwa chithunzi chawo chinali pakhoma, pamwamba pa makina osokera a amayi. Koma chithunzi sichilankhula. Ababa anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Anthu akamati, "Bambo ako ankati akaseka agalu a kwa aneba ankayamba kuuwa," ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikukumbukira. Sindinkakumbukira chilichonse.

Ababa ankagwira ntchito yojambula mawu. Ankayenda m'maholo kujambula makwaya ndi oimba. Zimene anasiya zinali m'bokosi pansi pa bedi la amayi: makina akuda oimbira makaseti, mahedifoni othyoka amene makoswe anawadya masiponji ndi waya womwe, ndi kaseti imodzi yolembedwa ndi bolopeni kuti, "Ya Kawaya."

Kawaya ndine. Ababa ndi amene anandipatsa dzinali, ati chifukwa ndili wokwawa ndinkasiya zidole n'kumakakoka mawaya awo.

Makinawo analibe sipika. Kuti munthu amve kanthu pankafunika mahedifoni, ndipo mahedifoni ake ndi aja anathera m'mimba mwa makoswe. Ndikafunsa za kasetiyo amayi ankangoti, "Tidzaona," n'kuyambanso kusoka mothamanga ngati mwini diresi waima pakhomo.

Tsiku lina Lachisanu kunabwera malume, amene ankayendetsa galimoto yonyamula katundu. Anayang'ana pepala la zotsatira za mayeso anga, n'kuliyang'ananso kumbuyo.

"Iwe, nzeru zimenezi wazitola kuti? Kwathu kuno kulibe zimenezi," anatero malume. Amayi anawaponyera kansalu kumaso.

"Tamva tsono," anapitiriza. "Mawa upite kusitolo ya mnzanga ija ya pafupi ndi pokwerera basi. Ukasankhe mahedifoni, zina zonse ndathana naye kale. Koma amodzi okha, ndipo ukatsegula bokosi ndi ako mpaka kalekale. Mnzanga ameneyo katundu akatuluka pakhomo samudziwanso."

2. Ofiira a pagalasi

Loweruka m'mawa ndinapita kusitoloko ndi mnzanga wa padesiki. Tinkamutcha Fashoni, chifukwa ankasita ngakhale masokosi.

Sitoloyo inali yopapatiza, munthu akamalowa wina ankayenera kutuluka cham'mbali. Mafoni anali pansi pa galasi, mawaya ali lendelende pakhoma, ndipo monsemo munkanunkhira pulasitiki yatsopano. Pamwamba pa galasi panali mutu wa chidole utavala mahedifoni ofiira psuu, opanda waya ndi umodzi womwe.

"Aha, mwana wa mlongo wake wa dalaivala!" anatero mwini sitolo. Sanandifunse chimene ndinkafuna. Anangovula chidole chija n'kundiveka ine, n'kudina foni yake.

Ng'oma zinandilowa mpaka m'mano. Ndinaona milomo ya Fashoni ikugwedezeka koma sindinamve chimene ankanena. Nditawavula ndi pamene ndinamva.

"Mnzanga, ukapanda kutenga amenewa usadzandilankhulenso," anatero. "Lolemba sukulu yonse idzakhala pambuyo pako. Tadziyang'ane pagalasipo!"

Ndinadziyang'anadi, ndipo ndisaname, ndinawafuna ndi mtima wonse. Kuyambira ndili wamng'ono zovala zanga zinkachokera ku zidutswa za nsalu zotsala za makasitomala a amayi. Sindinakhalepo ndi chinthu chimene anzanga akanachisirira.

"Kodi angagwire pa makina a makaseti?" ndinafunsa.

Mwini sitolo anaseka mpaka kugwira galasi. "Makaseti? Mwanawe, zimenezo zinapita ndi agogo ako. Awa amalankhulana ndi foni basi, alibe ngakhale kabowo kolowetsamo waya. Ukafuna za waya ndi awo ali pansiwo."

Pashelufu ya pansi, pafupi ndi tsache, panali mahedifoni akuda bii, akuluakulu, a waya wopotana ngati mchira wa nkhumba.

"Amenewo ukavala anthu azikufunsa kuti ndege waiimika kuti," anatero Fashoni.

Ndinauza mwini sitolo kuti ndibweranso masana. Fashoni anandiperekeza akung'ung'udza njira yonse, ndipo pamphambano tinasiyana osatsanzikana bwino.

3. Kwa a Khutulimodzi

Amayi anali atapita kukasiya madiresi. Ndinakoka bokosi lija pansi pa bedi, n'kuika makina ndi kaseti m'chikwama changa cha kusukulu. Ndinalunjika kuseri kwa malo ometera tsitsi, kumene kunali kashopu ka mkulu wina wokonza mawailesi. Ndinkadziwa kuti kale ankagwira ntchito limodzi ndi ababa, koma ndinali ndisanalowemo.

Ana tonse tinkawatcha a Khutulimodzi, ngakhale kuti panalibe amene ankalimba mtima kutero iwo akumva. Munthu akamalankhula nawo ankapotoza mutu n'kutchera khutu lakumanja, ngati nkhuku yoyang'ana kabawi.

M'kashopumo mawailesi akufa anali ataunjikana mpaka kudenga. Patebulo panali mabotolo odzaza timisomali, magalasi a maso omangidwa ndi waya, ndi chitsulo chowotcherera chikufuka utsi.

"Odi, agogo," ndinatero.

Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana makina amene ndinkatulutsa m'chikwama, ndipo anaika chitsulo chija pansi mwakachetechete.

"Makina awa ndikuwadziwa," anatero. "Pakona pophwanyikapa ndinachita ndine, ndinawagwetsa pamasitepe a holo. Bambo ako anakhala masiku atatu osandipatsa moni. Ndiwe Kawaya, eti? Wakula, koma manja ndi omwe aja okoka zinthu za eni. Khala apo."

Anamasula makinawo. Lamba wa m'kati anali atasungunuka n'kukhala ngati phula. Anaikamo wina, n'kupukuta kamutu kowerenga tepi ndi thonje loviika mu sipiriti. Kenako anagogoda bowo la kutsogolo ndi chala.

"Bowo la mahedifonili linafa kale, bambo ako ali moyo. N'chifukwa chake tinapanga aka."

Anakwera pampando n'kutsitsa kachitini ka fumbi kuchokera pashelufu ya pamwamba. Kanali ndi chokwezera mawu chimodzi, bowo lalikulu kutsogolo ndi mabowo awiri kumbuyo.

"Aka ndi kaampulifaya. Mawu otuluka kumbuyo kwa makinawa ndi ofooka, ndiye aka kamawapatsa mphamvu kuti akafike kukhutu. Tinakapanga awiri patebulo lomweli, iye akuwotcherera, ine ndikumulalatira. Kakhala pamwambapo zaka khumi ndi chimodzi. Ndimati mwina tsiku lina wina adzakafunsa."

Anandipatsanso waya wa mitu iwiri, wofiira ndi woyera, wolumikizira makina ndi kachitiniko, ndi kapulagi kosinthira mutu waung'ono wa mahedifoni kuti ukwane m'bowo lalikulu. Apo ndi pamene ndinawauza za mphatso ya malume, za ofiira aja ndi za akuda aja.

4. Malangizo awiri

A Khutulimodzi anavula magalasi awo n'kupukuta m'maso.

"Ofiirawo si tchimo, mwana wanga," anatero. "Ine sindikusankhira. Mphatso ndi yako, makutu ndi ako. Koma ndikuuze mmene bambo ako ankasankhira, chifukwa palibenso wina amene angakuuze.

"Iye sankayesa mahedifoni ndi ng'oma. Ankati ng'oma imakoma paliponse, ngakhale pachidebe. Ogulitsa amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amathamangira kukuikira nyimbo yogunda. Bambo ako ankayenda ndi kaseti ya mawu a mayi ako akumuitana kuti akadye. Akalowa m'sitolo ankaika imeneyo n'kutseka maso. Akamva kuti amene akumuitanayo si mkazi wake, ankawavula n'kunena kuti zikomo. Ogulitsa ankamuda nazo, koma sanagulepo chinthu chabodza. Yesa ndi mawu a munthu amene umamudziwa, amene ngakhale atatsokomola kuseri kwa khoma ukhoza kumutchula. Ndipo mahedifoni ena abwino pafoni amamveka motsika. Usawanyoze, si ofooka, amangofuna ampulifaya yowakankha."

Kenako anagwira khutu lawo lakumanzere.

"Chachiwiri ndi ichi, ndipo ukaiwala zonse ichi chokha usaiwale. Usanavale mahedifoni, tsitsa chokwezera mawu mpaka pansi. Uvale, kenako ukweze pang'onopang'ono mpaka umve bwino, ulekere pomwepo. Limeneli linali lamulo la bambo ako, ndipo ine ndinkamuseka nalo. Ndinkati ndi zaulesi, zotaya nthawi.

"Tsiku lina tinachedwa kufika kuholo. Kwaya inali itaima kale, anthu akuwomba m'manja kutifulumizitsa. Ndinangotola mahedifoni n'kuvala osayang'ana. Chokwezera chinali pamwamba penipeni, ndipo woimba wina anatenga maikolofoni n'kuima nayo pafupi ndi sipika. Kulira kumene kunatuluka apo sindingakufotokozere. Khutu lakumanja linapulumuka chifukwa ndinali ndisanaliphimbe bwino. Lakumanzereli linatseka tsiku lomwelo. Chimene chinatsalamo ndi kaphokoso kangati ka nkhululu, usana ndi usiku, mpaka lero.

"Ndiye ndikamaona anzako akudutsa panjapa, nyimbo za m'makutu mwawo ndikuzimva ine wa khutu limodzi ndili muno, ndimafuna kulira. Iwo lawo silidzatseka tsiku limodzi ngati langa. Lizidzatha pang'onopang'ono osadziwa, ndipo akadzafika zaka zanga azidzangoti 'Mwati chiyani?' kwa adzukulu awo. Taona shopu yonseyi. Lamba ndili naye, sipika ndili nayo, waya wamtundu uliwonse ndili naye. Koma khutu, mwana wanga, ndafufuza m'mabotolo onsewa, sipeyala yake mulibe."

Ndinayang'ana pansi, chifukwa dzina lija la Khutulimodzi inenso ndinali nditalifuulapo kangapo ndikuthawa.

"Agogo, bwanji tiyese kasetiyi pompano ndi mahedifoni anu?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu. "Yalembedwa dzina lako, osati langa. Malo oimvera ndi m'nyumba mwa mayi ako. Komanso bambo ako ankajambula ndi maikolofoni awiri, ndipo yekha ankadziika kumanzere nthawi zonse. Ukadzavala uonetsetse kuti khutu lolembedwa L lili kumanzere. Ukandimverereko, ine mbali imeneyo kulibe munthu."

5. Kusankha

Nditabwerera kusitolo ndinapeza Fashoni atafika kale. Mkwiyo wake sunkakhalitsa, makamaka pamene panali zinthu zonyezimira.

"Ndikulongedzere ofiirawa?" anafunsa mwini sitolo, dzanja lili kale pa bokosi latsopano.

"Ndimafuna ndiyese onse awiri, koma ndi foni yanga," ndinatero.

Mufoni yanga yong'aluka galasi munali uthenga wa mawu umene amayi ananditumizira dzana lake. Mwini sitolo atalumikiza foni yangayo ndi ofiira aja, ndinatsitsa voliyumu mpaka pansi, ndinawavala, n'kukweza pang'onopang'ono. Ndinatseka maso.

"Iwe Kawaya, mbale zija ukuganiza kuti zidzitsuka zokha? Ndikabwera ndizipeze zili mbee, wamva?"

Mawuwo anali amphamvu ndithu, koma anali ngati a mzimayi wina wonenepa akulankhulira mumgolo. Akanandiitana panjira sindikanatembenuka.

Ndinawavula n'kuwerama kutenga akuda a pashelufu ya pansi. Mwini sitolo anawapukuta fumbi monyinyirika. Ndinalowetsa waya mufoni n'kuchita chimodzimodzi.

Anamveka motsika, monga ananenera a Khutulimodzi. Koma anali amayi enieni. Ndinamva kuti ankalankhula ataluma singano pakona pa mlomo, monga amachitira nthawi zonse. Ndinamva mpando wawo ukulira, ndipo kumapeto kwa mawu oti "wamva" ndinamva kaphwete kamene ankayesa kukabisa. Uthengawo ndinali nditaumvera kawiri kunyumba, koma sindinadziwe kuti ankaseka.

"Mwaona? Alibe mphamvu amenewo," anatero mwini sitolo.

"Ndatenga omwewa," ndinayankha.

Fashoni anagwira m'mutu. "Mayo ine! Ndiwe mnzanga wamtundu wanji iwe? Ndiye Lolemba ndikawauze chiyani anthu? Ndinawauza kale!"

"Ukawauze kuti ndege ndaiimika kunyumba," ndinatero.

Ndinatsegula bokosi latsopano la akuda pomwepo, mwini sitolo akuona, kuti mtima usandibweze. Potuluka ndinacheukabe kamodzi. Chidole chija chinali chitavekedwanso ofiira aja, ndipo ankakongolabe ngati m'mawa. Zinandiwawa ndithu, ndipo zinandiwawabe kwa masabata angapo.

6. Kumanzere

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pawindo. Amayi anali pa makina awo, akupinda m'mphepete mwa siketi ya buluu. Anaona zimene ndinkatulutsa m'chikwama, ndipo ataona kachitini kaja phazi lawo linaima. Patapita kamphindi anayambiranso kusoka.

Ndinayala zonse patebulo lodyera. Mutu wofiira wa waya m'bowo lofiira, woyera m'bowo loyera. Kapulagi kakang'ono m'kakakulu, kakakulu m'kachitini. Ndinatsitsa chokwezera mawu mpaka pansi, ndinayang'ana chilembo cha L, n'kuvala. Kenako ndinaika kaseti m'makina n'kudina batani.

Poyamba kunangomveka kuti shiii. Ndinakweza pang'ono. Kumanja kunamveka mbale zikugundana ndi kamwana kakubwebweta. Ndinakwezanso pang'ono.

"Kuyesa, kuyesa," anatero munthu wina kumanzere, pafupi kwambiri moti ndinatembenuka. Mawu ake sanali aakulu monga ndinkaganizira. Anali opyapyala, osasa pang'ono, a munthu wothamanga polankhula. "Lero ndi Lamlungu, mvula yakana kuti tituluke. Ndili ndi mlendo wolemekezeka muno, mayi Kawaya. Mayi Kawaya, tapatsani moni anthu. Iwe, siya waya ameneyo. Siya! Amayi ake, tamugwirani mwanayu, akugwetsa situdiyo yonse!"

China chake chinagwa kuti gwa, kamwana kaja kanakuwa mokondwa, ndipo ababa anaseka.

Kuseka kumeneko ndinkakudziwa. Kunayamba ngati munthu watsamwa, kenako kunakwera m'mwamba n'kuthera m'mphuno. Ndi kuseka kumene aphunzitsi a masamu ananditulutsira m'kalasi katatu chaka chimenecho. Ndi kuseka kumene Fashoni ankati ndizikusiya kunyumba tikamapita pagulu. Zaka zonsezo ndinkalira kuti ndinaiwala ababa, chikhalirecho ndinkayenda nako kuseka kwawo tsiku lililonse.

Ndinaseka nawo, misozi ili chuchuchu, mamina omwe. Sindinadziwe kuti makina osokera asiya kulira mpaka pamene ndinaona siketi ya buluu ili pansi ndipo amayi ataima pambali panga.

Ndinaimitsa kaseti n'kuvula mahedifoni. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze lamulo lija, koma ndinachedwa. Dzanja lawo linali litafika kale pakachitini. Anatsitsa chokwezera mawu mpaka pansi, anatembenuza mahedifoni kufuna chilembo cha L, anavala, n'kukweza pang'onopang'ono. Palibe amene anawakumbutsa.

Anamvera maso ali otseka, singano ikadali pakona pa mlomo. Kenako anaichotsa, anakweza khutu lakumanzere la mahedifoni n'kulipotozera kunja, n'kundikoka kuti ndiyandikire. Tinamvera limodzi masaya atagundana, mpaka dzuwa linachoka pawindo n'kupita pakhoma.

Chakumapeto ababa anasiya nthabwala. Kamwana kaja kanali katagona, chifukwa kumanja kunali zii.

"Kawaya, tepi ikutha," anatero motsitsa mawu. "Mbali yachiwiri ndi ya ukadzakula. Mayi ako akudziwa zimene ndikufuna kunena m'menemo, ndipo akuti ndisanene. Koma ine ndinena basi."

Batani linadumpha lokha kuti tha.

Ndinatambasula dzanja kuti nditembenuze kasetiyo. Amayi anandigwira pamkono, osati mwaukali, koma mwamphamvu ndithu. Anatulutsa kaseti ija okha, anayang'ana dzina langa lolembedwa ndi bolopeni, n'kuiika m'thumba la epuloni yawo momwe ankasungamo sizasi.

"Amayi, koma ndakula," ndinatero.

"Ndaona," anayankha, akutola siketi ya buluu pansi. "N'chifukwa chake ndikuchita mantha."